Makina a elliptical: ndinagula kawiri ndisanapeze ondiyenera

Kumayambiriro kwa chaka cha 2023, kuchipatala anandiuza kuti BP yanga yakwera ndipo siitsikanso yokha. Ndinali ndi zaka 46, sikelo inkaonetsa makilogalamu 94, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Adokotala anandipatsa mankhwala n'kundiuza mosabisa kuti mapiritsi okha sakwanira. Anati ndichepetse mchere, komanso thupi lizigwira ntchito mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga limalangizira bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Pakamwa n'zosavuta, mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Koma kwa mzimayi wokhala ku Area 25 n'kumagwira ntchito ku City Centre, wa ana a sukulu, funso linali lakuti mphindi zimenezo ndizipeza kuti, nthawi yanji.

Ndinayamba ndi kuyenda wapansi m'mamawa, poti n'zaulere. Sizinapite patali. Kuti ndibwerere, ndisambe, ndikonzekeretse ana n'kupewa mzere wa magalimoto wa mumsewu wa M1, ndinkayenera kutuluka kusanache, ndipo bambo a kunyumba mtima sunkakhala m'malo podziwa kuti ndili ndekha mumdima. Nanenso ndinkayenda chocheukacheuka. Vuto lina linali mawondo. Msewu wa kwathu ndi wamiyala, ndipo nditangoyesa kuthamangako pang'ono, bondo lakumanja linatupa moti kukwera masitepe a ku ofesi kunkandilengetsa misozi. Nditabwerera kuchipatala anati mawondo ayamba kuperepeseka, ndisamawamenyetse pansi, ndipeze masewera oti phazi lisamadumphe.

Mnzanga wa kuntchito ananditengera ku jimu ina m'tauni, ndipo n'kumene ndinakwera koyamba makina a elliptical, amene ena amawatchula cross trainer. Umaima pa zopondapo ziwiri zazikulu, manja n'kugwira ndodo ziwiri zazitali zimene zimapita kutsogolo ndi kumbuyo motsatana ndi miyendo. Mapazi sachoka pa zopondapozo, amangoyenda mozungulira, choncho mtima umagunda mwamphamvu, thukuta limachita kuyenderera, koma bondo silimva kugunda kwa pansi. Makinawa si akale kwenikweni. Kampani ya ku America ya Precor ndi imene inawatulutsa mu 1995, pofuna kuti munthu azipeza phindu la kuthamanga popanda kumenyetsa phazi pansi. Tsiku limenelo ndinatsika ndili wefuwefu koma bondo lili phee, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi chimwemwe chimene ndinali nditachiiwala.

Jimu ndinaikonda, koma inandikanika. Malipiro a pamwezi anali apo, kuwonjezera mafuta a galimoto, amene chaka chimenecho ankasowa moti munthu unkatha kuchezera pamzere. Ndikaweruka mochedwa ndinkapeza makina onse ali ndi eni ake, ine n'kumangoima pambali ndi kathaulo m'manja. Mwezi wina ndinalipira wathunthu koma ndinapitako masiku owerengeka. Pamenepo m'pamene ndinauza bambo a kunyumba kuti bola tigule athuathu, ndizikwera ana akulemba homuweki.

Ndinalemba dzina la makinawa pa Facebook, zithunzi n'kubwera zambirimbiri. Amene anandikopa anali ofiira ndi akuda, onyezimira, okhala ndi mpando, ndipo wogulitsa analemba kuti ndi makina awiri pamodzi: ukafuna uime, ukatopa ukhale pansi upalase ngati njinga. Mtengo wake K280,000. M'sitolo ina yaikulu ndinali nditaona ena a mtengo wopitirira K900,000, ndiye mumtima ndinati mwayi wandigwera. Zonse n'zitsulo, zonse zimazungulira, ndilipirirenji katatu?

Mnyamata wogulitsayo anali waulemu. Ndinamupeza pa kashopu kodzaza makatoni, ndipo nditapempha kuti ndikwerepo kaye anati, “Mayi, onse ali m'makatoni osatsegula, tikamanga amodzi ndiye kuti asanduka akale. Koma musadandaule, ndi orijino, azimayi ambiri atenga omwewa.” Nditafunsa za galanti anati ilipo ya miyezi itatu, koma inali ya pakamwa. Lisiti anandilembera pa kapepala kopanda chidindo. Abale, makina amene sanakuloleni kuwakwera mphindi 10 musanapereke ndalama, asiyeni. Mphindi ziwiri sizikwanira, chifukwa pa mphindi ziwiri zoyamba chilichonse chimamveka bwino. Ine ndinalipira. Katoni tinainyamula awiriwiri ndi mnyamatayo osapumira n'komwe, n'kulowa m'buti mosavuta, ndipo kupepuka kumeneko ndinakuona ngati ubwino.

Mwana wanga wamwamuna anawamanga madzulo omwewo. Nditangokwera ndinazindikira kuti si zimene ndinazolowera ku jimu. Kuja mwendo unkatambasuka bwinobwino monga umachitira poyenda mofulumira. Apa mapazi ankangokwera ndi kutsika pa kamalo kochepa, mawondo akupindika kwambiri, chiuno chikugwedezeka uku ndi uku. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndizolowera. Patatha masabata awiri bondo lija linayambanso kutupa.

Chimene sindinkachidziwa ndi kutalika kwa sitepe, ndiye kuti mtunda umene chopondapo chimayenda kuchokera kumbuyo kwenikweni kufika kutsogolo kwenikweni. Pa makatoni amalemba kuti stride length, nthawi zambiri mu mainchesi. Makina a m'majimu ndi a kunyumba abwino amakhala pa mainchesi 18 mpaka 20, omwe ndi masentimita 46 mpaka 51, ndipo ndi amene amayenera akuluakulu ambiri. Munthu wamfupi akhoza kukhutira ndi mainchesi 16, pamene wamtali kupitirira mamita 1.8 amafuna 20. Anga aja nditadzawayeza ndi tepi ya telala anali masentimita 30 okha, chonsecho ine ndine wamtali mamita 1.68. Pa sitepe yaifupi choncho thupi siliyenda, limangopindika pamalo amodzi, ndipo katundu yense amagwera pa bondo lomwe umafuna kuliteteza. Makina ambiri okhala ndi mpando ali ndi vuto limeneli, chifukwa kuti munthu athe kupalasa atakhala, kuzungulira kwake kumayenera kukhala kwakung'ono.

Kutsogolo kunali kachitsulo kopotokola kuti makina alimbe kapena afewe. Tsiku lina nditatsegula chivundikiro cha pulasitiki ndinapeza kuti kachitsuloko kamangokoka lamba wansalu amene amafinya gudumu. Lambayo akatentha ankanunkha, ankalira, ndipo kulimba kwake kunkasinthasintha, pena pofewa, pena pogwira, moti mwendo unkachita kudzidzimuka pakati pa sitepe. Ndikakwera m'mamawa nyumba yonse inkadzuka. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anandipempha mwaulemu ngati ndingamayambeko mochedwerapo, chifukwa khoma lathu ndi limodzi ndipo mwana wawo wakhanda ankadzidzimuka. Ndinachita manyazi kwambiri, popeza m'mamawa ndi nthawi yokhayo imene ndinali nayo.

Bambo a kunyumba nawo anayamba kukwerako madzulo pofuna kundilimbikitsa. Iwo amalemera kupitirira makilogalamu 100. M'kabuku kamene kanali m'katoni, pa tsamba lomaliza, m'zilembo zing'onozing'ono, munalembedwa kuti makinawo sanyamula munthu woposa makilogalamu 100, koma palibe amene anali atawerenga mpaka pamenepo. Ngakhale ine wa 94 ndinali nditatsala pang'ono kufika pa malirewo. Nambala imeneyi si yongolemba, ndi imene imakuuzani kukhuthala kwa chitsulo ndi mphamvu ya mfundo zake. Ine tsopano ndimati tengani munthu wolemera kwambiri m'nyumba mwanu, muwonjezerepo makilogalamu 15 kapena 20, ndipo nambala ya pa makina isatsike pamenepo.

Mwezi wachitatu usanathe, ndili pakati pokwera, ndinangomva kuti thyo kumanzere, chopondapo n'kugwa ndili pomwepo. Ndinagwera pa tebulo la pabalaza, nthiti zinandipweteka sabata yathunthu, ndipo mwana wanga wamng'ono amene ankaonerera analira kuposa ine. Chitsulo cholumikiza chopondapo ndi gudumu chinali chitathyokera pamene anawotcherera. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: pansi pa penti wonyezimira uja panali kapaipi kopyapyala.

Ndinaimbira mnyamata uja. Poyamba anati abweretsa chitsulo china katundu akafika, kenako anati vuto ndi lathu chifukwa tinakwezapo anthu olemera, kenako foni inangosiya kuyankhidwa. Ndinapita nacho kwa owotcherera a pamsika, anandilipiritsa K15,000, ndipo ntchito anaigwira bwino ndithu. Koma bambo wowotchererayo anandionetsa chinthu china. Anagwira ndodo ya m'manja ndi zala ziwiri, inachita gwedegwede, n'kunena kuti, “Mayi, m'mfundo zonsezi mulibe ma bearing, muli timapulasitiki, ndipo tatha kale. Ndikawotcherera apa pathyoka pena.” Zinachitikadi momwemo. Mbali inayo inathyoka mwezi wotsatira, ndipo sindinabwererenso nawo.

Nthawi imeneyi inali yowawa. Ndalama ija ndinali nditakongola ku banki m'khonde, ndiye ndinkabwezabe ngongole ya chinthu chakufa chimene chinali pakona. Ndinataya mtima n'kusiya masewera onse, BP inakweranso, adokotala n'kuwonjezera mapiritsi. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo makina a K900,000 aja nditapita kukawaonanso anali atadutsa K1.4 miliyoni. Ndinatuluka m'sitolomo mtima uli zii, poganiza kuti ndikanangopirira miyezi ingapo n'kuwonjezera ndalama nthawi ija, bwenzi ndili ndi chinthu chenicheni.

Zinthu zinasintha chaka chatsopano chitalowa, pamene ndinabwerera ku jimu kuja nditaika tepi ya telala m'chikwama. Ndinkafuna kudziwa chimene chimasiyanitsa makina awo ndi anga. Ndinafika nthawi yabwino, chifukwa kunali mmisiri amene amabwera kudzawakonzera, bambo wachikulire wa ovolosi ya buluu, ndipo anali atatsegula amodzi. Nditawafotokozera nkhani yanga anandiitana kuti ndigwade pafupi. Anazungulitsa gudumu lachitsulo ndi dzanja n'kulisiya, ndipo linapitiriza kuzungulira lokha, mwakachetechete. Kenako analoza maginito amene anali pafupi ndi gudumulo koma osalikhudza. “Mukamati mwalimbitsa, mayi, ndi maginito awa akuyandikira. Palibe chikukhudzana ndi chinzake, ndiye palibe chikutha, palibenso phokoso.”

Zimene anandiuza ndinazilemba kuseri kwa envelopu imene inali m'chikwama, ndipo ndikuisungabe. Gudumu lija, limene amalitchula flywheel, likakhala lolemera ndi limene limapititsa mwendo pamalo pamene umafuna kuima, choncho sitepe imakhala yosalala. Makina otsika mtengo amakhala ndi la makilogalamu 4 kapena 5, ndipo iwo anati ndisatsike pa 8. Anati ndisanakwere ndigwedeze ndodo iliyonse cham'mbali, ikasewera ndidziwe kuti mfundo zatha. Anati ndione mpata wa pakati pa zopondapo ziwirizo, chifukwa ukakula kwambiri munthu umapalasa miyendo itatalikirana, chiuno ndi mawondo n'kuyamba kupweteka. Anatinso ndifunse kulemera kwa makina enieniwo, chifukwa amene anthu awiri akuwanyamula akucheza sangapirire munthu wa makilogalamu 90 akuwapondaponda tsiku ndi tsiku. Atanena zimenezi ndinakumbukira katoni ija ikulowa m'buti.

Zoti gudumu likhale kutsogolo kapena kumbuyo anati zisandisowetse tulo. A gudumu lakumbuyo amakhala aatali ndipo amafuna malo, koma thupi limaima mowongoka. A gudumu lakutsogolo amakhala afupiko, ndipo ali ndi timatayala timene timayenda pa njanji. Njanjizo zimafuna kupukutidwa kawirikawiri, makamaka kuno ku Lilongwe kumene fumbi la m'chilimwe limalowa ngakhale mazenera ali otseka.

Nkhani imene sindinaiganizirepo n'komwe inali ya magetsi. Makina ena umalimbitsa ndi dzanja, popotokola kachitsulo kamene kamakoka waya n'kusuntha maginito. Amenewa safuna soketi, kasikirini koonetsa nthawi ndi mtunda kamangoyendera mabatire. Ena ali ndi kamota kamene kamasuntha maginito ukadina batani, ndipo amafuna kulumikizidwa ku magetsi. Magetsi akathima umatha kupalasabe, koma pa mlingo womwe anathimira, kasikirini kali bii. Makina akuluakulu ambiri a m'majimu amadzipangira okha magetsi munthu akamapalasa. Mmisiri uja anandichenjeza kwambiri za makina obwera m'makontena kuchokera ku America. Kumeneko magetsi ndi a 120V, kuno ndi a 230V, ndipo anati akonzapo angapo amene bolodi lake la zamagetsi linapsa tsiku loyamba chifukwa mwini wake anangosintha pulagi n'kulumikiza. Werengani pa adapta: ikalembedwa 100–240V palibe vuto, ikalembedwa 120V yokha musailowetse pa soketi yathu. A ku Britain mphamvu ndi pulagi zomwe n'zofanana ndi zathu. A ku South Africa mphamvu ndi yomweyi, umangosintha pulagi, popeza yawo ndi ya mano ozungulira.

Atsopano a m'sitolo ndinalibe nawo mphamvu. Ndinapita kukaona akale a jimu ina imene inkatseka. Anali olimba zedi, a sitepe yabwino, koma olemera kuposa makilogalamu 150 ndi aatali kupitirira mamita awiri, osatheka kuwalowetsa pa khomo lathu popanda kuwaphwasula onse, ndipo bolodi likanafa, lina lochokera kunja likanadya ndalama yofanana ndi makinawo. Ndinawasiya mtima ukuwawa. Ndiye ndinaimbira achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo anati kumeneko anthu ambiri amagula makinawa chaka chikamayamba, n'kuwagulitsa patapita miyezi pa Facebook Marketplace ndi Gumtree penti asanasuluke n'komwe.

Ndinawatumizira chithunzi cha envelopu ija. Anafunsa kuti, “Chemwali, ndiye ndiziyenda ndi tepi m'nyumba za anthu?” Ndinati, “Eya achimwene, ndipo muzikwerapo, ine ndizionera pa foni.” Mulungu awadalitse, anatayira Loweruka lawo zingapo pa zimenezi. Ena ankaoneka atsopano koma sitepe yake inali masentimita 33. Ena anali a sitepe yabwino, koma gudumu likazungulira kamodzi pankamveka kugogoda kamodzi, ndinamva ndekha pa vidiyo ya WhatsApp n'kuwauza kuti asatenge. Amene tinagwirizana anali kwa mayi wina wachikulire amene ankasamuka nyumba: gudumu kutsogolo, sitepe masentimita 46, onyamula munthu mpaka makilogalamu 135, olemera pafupifupi makilogalamu 70. Achimwene anakwera mphindi 15 ine ndikuonerera. Anadutsa milingo yonse kuyambira wofewa mpaka wolimba, anapalasa chakutsogolo ndi chakumbuyo, anasiya ndodo n'kupalasa osagwira kuti tione ngati akupendekeka. Chimene ndinkamva chinali kupuma kwawo kokha. Mayiyo anali atasunga kabuku ndi masipanala ake omwe. Tinalipira R6,000. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndikanakonda olimbitsa ndi dzanja, koma pa onse amene tinawaona, a sitepe yaitali anali a kamota, ndipo ndinaika mawondo patsogolo.

Kugula kunali kosavuta poyerekeza ndi kubweretsa. Matransipota amene amanyamula katundu wa Amalawi kuchokera ku Joni amalipiritsa potengera kukula ndi kulemera, ndipo amadutsa Beitbridge, Zimbabwe, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Amene tinamupeza anati R2,500 kuphatikizapo za pachipata, ndipo katundu afika sabata yomweyo. Anafika patatha masabata asanu. Galimoto akuti inafera m'njira, kenako inkadikira mapepala, ndipo ali pakati podikirapo anandiimbira kuti ndiwonjezere K120,000 chifukwa msonkho waposa mmene ankaganizira. Ndinalibe potsimikizira, poti tinangogwirizana pakamwa, ndipo katundu wanga anali m'manja mwake. Ndinalipira. Masabata amenewo sindinkagona bwino, ndinkaopa kuti ndataya kachiwiri, ndipo bambo a kunyumba ankangondiuza kuti, “Mayi, dekhani, BP ikweranso ndi zomwezi.” Mukamagwirizana ndi wonyamula katundu, mfunseni ngati msonkho wa MRA ndi VAT zili m'kati kapena ayi, alembe pa WhatsApp, ndipo katundu akafika akuonetseni pepala la msonkholo.

Atafika, chivundikiro cha mbali imodzi chinali chitasweka, ndipo kathumba kena ka mabawuti kanasowa. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti achimwene asanamasule anajambula mfundo iliyonse, ndipo mawaya a kasikirini anawamata tepi yolembapo manambala. Mabawuti anali a saizi wamba, M8 ndi M10, tinawapeza pa hadiweya. Mmisiri wa ku jimu uja anabwera kudzamanga pa K25,000. Anapaka girizi m'mfundo, n'kupotokola timiyendo tapansi kamodzikamodzi mpaka makina anaima osagwedera pa simenti yathu yosalingana. Pansi tinayala mphira wokhuthala, ndipo tinagulanso kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, kofanana ndi kamene timaika pa firiji.

Chinthu chimodzi chinatsala pang'ono kutidutsa, ndicho kutalika kwa siling'i. Pa elliptical munthu umaima pamwamba, ndipo chopondapo chikafika pamwamba penipeni mutu umakhala utakwera masentimita 30 mpaka 50, malinga ndi makina. M'kachipinda kamene ndinakonza, bambo a kunyumba akanamenya babu ndi mutu. Tinasunthira pabalaza pafupi ndi zenera, pamene pamapitanso kamphepo. Yezani zimenezi musanatumize ndalama, pamodzi ndi m'lifupi mwa khomo ndi malo oti ndodo zizipita kutsogolo osamenya khoma.

Tsiku loyamba ndinangokwera mphindi 10 pa mlingo wofewa, monga anandilangizira kuchipatala, ndipo ndinkawonjezera pang'onopang'ono mpaka ndinafika 30. Muyeso wanga ndi wosavuta, ndizitha kulankhula koma ndisathe kuimba. Poyamba zala za kumapazi zinkachita dzanzi. Chinathandiza ndi kumasulako zingwe za nsapato, kuponda ndi phazi lonse osati zala zokha, ndi kupalasa chakumbuyo mphindi imodzi kapena ziwiri. Manambala a pa kasikirini sindiwakhulupirira onse. Nthawi ndi yoona, koma makalori ndi ongoyerekeza, ndipo kugunda kwa mtima kumene timazitsulo ta m'manja timayeza kumadumphadumpha manja akanyowa. Choncho musatengeke ndi sikirini yaikulu, mapulogalamu ambirimbiri kapena Bluetooth. Makina ena amafunanso kuti uzilipira mwezi ndi mwezi pa intaneti, m'madola, kuti zimenezo zigwire ntchito, kuwonjezera pa bandulo. Ndalama imeneyo bola ipite ku sitepe, gudumu ndi chitsulo.

Bondo silinatupenso. BP yatsika n'kukhazikika, ngakhale mankhwala ndikumwabe ndipo adokotala anandiuza kuti ndisayerekeze kusiya pandekha. Thupi latsikako pang'ono, osati mmene ndinkalotera, ndipo linayamba kutsika pamene ndinachepetsa nsima ndi shuga wa mu tiyi, osati chifukwa cha makina okha. Koma tulo ndimagona tabwino, ndipo masitepe a ku ofesi ndimakwera osaima pakati.

Pa ndalama sindibisa. Oyamba aja ndi kuwotcherera komwe anadya K295,000, ndipo ogula zitsulo zakutha anandipatsa K12,000. Achiwiriwa, mtengo ndi kunyamula zinakwana R8,500, zomwe nthawi imeneyo zinali pafupifupi K800,000. Kuwonjezera K120,000 ija, mmisiri, mabawuti, mphira ndi choteteza magetsi, zinayandikira K1 miliyoni. Zonse pamodzi ndinawononga pafupifupi K1.3 miliyoni kuti ndikhale ndi makina akale, pamene poyamba paja atsopano a galanti yolembedwa anali K900,000 m'tauni momwemuno. Katundu wa ku Joni amaoneka wotsika mtengo ukamamuona pa foni, koma akamafika pakhomo amakhala atakwera ndi theka kapena kuposa, ndiye werengerani zonse musanasangalale.

Ngati ndalama yanu ikulekeza pa timakina ta mpando tija, ine ndingati musagule elliptical n'komwe. Njinga yoima ya maginito ya mtengo womwewo imalimba kuposa, chifukwa ili ndi mfundo zochepa zoti zithe, ndipo nayonso simenyetsa mawondo. Apo ayi, lipirani jimu mwezi umodzi muone ngati masewerawa akukuyanjani, mukwere makina osiyanasiyana, mufunse kutalika kwa sitepe ya amene thupi lanu likuwamva bwino. Amene muli ndi vuto la mtima, la msana kapena chizungulire, yambani mwafunsa kuchipatala.

Kusamala kwake sikovuta koma sikufuna ulesi. Ndikatsika ndimapukuta thukuta pa chitsulo, chifukwa mchere wake umayambitsa dzimbiri, makamaka nyengo ya mvula. Njanji ndimazipukuta ndi kansalu kouma pafupipafupi, popeza mchenga ukakhalapo timatayala timakumbika ndipo umayamba kumva kugunda pa sitepe iliyonse. Mwezi ukatha mwana wanga amadutsa mabawuti onse ndi sipanala. Magetsi akathima ndimazula pulagi. Ana aang'ono saloledwa kusewera pafupi wina akukwera, chifukwa zitsulo za pansizo zikhoza kupana chala.

Chimene chikundidetsabe nkhawa ndi masipeya. Ma bearing amapezeka m'mashopu a zida za galimoto ndi njinga zamoto, bola utenge yakaleyo akaone nambala. Koma lamba woyendetsa gudumu, timatayala ta pa njanji ndi kamota sindinazipeze paliponse m'tauni muno. Mmisiri uja anatsegula chivundikiro, tinajambula nambala yolembedwa pa lamba ndi ya pa kamota, ndipo achimwene agula kale lamba mmodzi ndi timatayala tiwiri zoti abwere nazo pa Khirisimasi. Kamota sanakapezebe, akufunsabe m'mashopu a ku Joni.